Galimoto ya ku Chilenje ndi Amisiri Amene Anaoloka Nyanja

Inu omvera athu a ku migodi ndi a m'makomboni, amene mwapitako ku Chilenje mudziwa kuti pafupi ndi nyumba nambala 394 paima galimoto yakale ya mtundu wa Land Rover. M'nyumba imeneyo munakhala a Kenneth Kaunda kuyambira Januwale 1960 kufikira Disembala 1962, ndipo galimotoyo ndiyo inawanyamula m'maulendo ao a ndale. Lero sitikamba za ndale ai. Tifuna kufunsa za anthu amene anali kugona pansi pa magalimoto otere, sipanala ili m'manja.

M'masiku a Northern Rhodesia munthu wakuda anali kudziwa injini bwino lomwe, koma cikalata ca umisiri analibe. Maphunziro a umakaniko opatsa cikalata anali a ana a Azungu. Ku migodi nchito za luso zinali zotsekedwa, ndipo ngakhale bungwe la Dalgleish linanena mu 1948 kuti Aafirika akwezedwe pa nchito, mau amenewo anagona m'mabuku zaka zambiri. Tate wa munthu anali kumasula injini yonse ndi kuibwezera, napitabe kunyumba ndi malipiro a wothandizira cabe. Sukulu ya Hodgson, kufupi ndi Chilenje komweko, inaphunzitsa anyamata nchito za manja, koma mmisiri wokonza ndi wina, ndipo injiniya wolinganiza galimoto pa pepala ndi winanso.

Pofika ufulu mu 1964, Azambia a madigiri anali ngati 100 okha. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo cigawo cace ca mainjiniya cinayamba mu 1969. Wofuna kuzama m'nzeru za galimoto anayenera kuoloka nyanja, ena ku Mangalande, ena ku Soviet Union, mwa cithandizo ca maboma.

Cimene cinafulumiza zonse ndi tsoka. Pa 11 Novembala 1965 a Ian Smith anadzitengera ufulu ku Rhodesia, ndipo mafuta amene anali kudzera kum'mwera analeka kufika. Petulo anayamba kubwera m'migolo kucokera ku Dar es Salaam, pa mseu wafumbi umene oyendetsa anaucha Hell Run. Malole a Fiat a ku Italy ndiwo anasenza katundu wambiri pa njira imeneyo, ndipo lole ikathyoka m'thengo pakati pa Mpika ndi Isoka, dziko lonse linali kumva kupweteka kwace. Apo mpamene Boma linaona kuti kusowa kwa mainjiniya si nkhani ya m'sukulu yokha.

Ubwenzi ndi Ataliyana unabala fakitale. Mu 1972 ku Livingstone kunayamba nchito yolumikiza magalimoto a Fiat, ndipo ku Ndola analumikiza ma Land Rover. Koma tinene zoona: zitsulo zonse zazikuru zinali kudza m'mabokosi, zolinganizidwa kale kutsidya kwa nyanja. Mnyamata amene anatha zaka kutsidya kuphunzira kuwerengera mphamvu ya citsulo, anabwera kudzapeza kuti nchito yace ndiyo kuyang'anira omanga mabauti. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zogulira mabokosiwo zinasowa, fakitale inayamba kutsimphina, ndipo m'zaka za m'ma 1990 inatsekedwa, misika itatsegukira magalimoto ogwiritsidwa kale nchito a ku Japan.

Nanga ophunzira aja? Ambiri anatsalira komweko. Tingachule a Clive Chirwa, mwana wa ku Mufulira, pakati pa migodi yanu yomweyo. Iwo anaphunzira ku Cranfield, ku Mangalande, nakhala purofesa ku Bolton. Luso lao linali lofufuza za mmene galimoto iyenera kupindikira pa ngozi, kuti citsulo cidye nkhonya m'malo mwa munthu wokhala m'kati. Ambirife timayesa kuti galimoto yabwino ndiyo yosapindika konse. Anthu a maphunziro awa amati yotere ndiyo imapha msanga. Pamene a Michael Sata anawaitana mu 2012, sanawaitanire ku fakitale ya magalimoto. Anawapatsa njanji za Zambia Railways, ndipo mu 2013 anacokapo.

Ine sindiweruza amene anatsalira kutsidya. Injiniya wotere afuna nyumba yoyeseramo injini ndi khoma logundirapo magalimoto atsopano, ndipo zimenezi dziko lathu silinawamangire.

Pakali pano m'misewu ya Chilenje, Matero ndi Kanyama, pansi pa mitengo, anyamata atsegula minibasi za Toyota zodzera ku Nakonde. Magalimoto atsopano ali ndi kompyuta m'kati, ndipo makaniko amene kale anali kumvetsera injini ndi khutu, tsopano amayamba wabwereka kamakina kowerengera matenda ace.