Alonda a Msewu a ku California ndi Usiku wa ku Newhall

Pamene galimoto zinayamba kuchuluka m'dziko la America, makamaka kuyambira m'chaka cha 1908 pomwe kampani ya Ford inatulutsa galimoto yotsika mtengo yotchedwa Model T, imene pofika 1927 zinali zitapangidwa zokwana 15 miliyoni, eni dzikolo anazindikira kuti malamulo amene makolo awo anawasiyira sakanathanso kusunga mtendere m'njira. Mbala ya masiku amakedzana inkathawa pansi kapena pa kavalo, ndipo mlonda wa mudzi ankaipeza isanawoloke mtsinje wachiwiri. Koma tsopano munthu ankatha kuchita choipa m'boma lino dzuwa likulowa, nakagona m'boma lachinayi tambala asanalire. M'chigawo cha California boma lililonse laling'ono linali ndi apolisi akeake a njinga zamoto, mpaka pa 14 Ogasiti 1929 pamene kunakhazikitsidwa gulu limodzi la chigawo chonse, California Highway Patrol, lokhala ndi amuna 280, galimoto 80 ndi njinga zamoto 225. M'chaka cha 1947 gululi linasanduka dipatimenti yoima payokha.

Ife oyenda m'galimoto, kulikonse kumene tili, sitikondwera kuona dzanja la wapolisi litatukulidwa patsogolo pathu, ndipo nthawi zina kudandaula kwathu kuli ndi chifukwa chomveka. Komatu ndi ochepa mwa ife amene anaganizapo za mtima wa munthu amene amatsika m'galimoto yake pakati pa usiku, kutali ndi anzake, nayenda mapazi khumi kupita pa zenera la mlendo, osadziwa ngati m'katimo muli mayi wotopa amene waiwala kuyatsa nyali, kapena chigawenga chimene chalumbira kuti sichidzabwereranso kundende. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo palibe ntchito imene mawuwa amaiyenera kuposa iyi.

Usiku wa pa 5 Epulo 1970, amuna awiri amene anali atakhalapo kale m'ndende, Bobby Davis ndi Jack Twinning, anali kuyenda pa msewu waukulu wa Interstate 5 kumpoto kwa mzinda wa Los Angeles m'galimoto yofiira ya mtundu wa Pontiac yodzala ndi mfuti. Davis anakhota mosasamala, natsala pang'ono kuwomba galimoto ya banja lina; ndipo mwini galimotoyo atamudzudzula, iye anamuloza ndi mfuti. Banjalo litapulumuka linaimba lamya kupolisi. Pa zonse zimene amuna awiriwo anali nazo m'galimoto ndi m'mitima mwawo, apolisi anamva chimodzi chokha, chakuti pali munthu wina amene waopseza mnzake ndi mfuti. Ndipo m'dera limenelo la alenje ambiri, uthenga wotere sunali wachilendo.

Apolisi awiri a California Highway Patrol, Roger Gore ndi Walter Frago, anaiona galimotoyo naitsata kufikira inapatuka ku Newhall ndi kuima pabwalo la nyumba yodyeramo yotchedwa J's Coffee Shop, nthawi itayandikira 12 koloko usiku. Gore analamula woyendetsa kuti atuluke, ndipo Davis anatuluka mofatsa monga munthu womvera. Pamene Gore anali kumusecha, Frago anayandikira khomo la mbali inayo atanyamula mfuti yake ya chifefe. Ndipo pomwepo Twinning anatsegula chitseko namuwombera kawiri. Gore anatembenuka kuti abwezere, ndipo potero anachotsa maso ake pa Davis, amene anasolola mfuti m'chiuno namuwomberanso kawiri ali pafupi. Apolisi onse awiri anafera pomwepo.

Anzawo awiri, James Pence ndi George Alleyn, amene anali atauzidwa pa wailesi kuti adzathandize, anafika mfuti zili kulira, ndipo zipolopolo zinawalandira asanatsike n'komwe. Pence anakhoza kuitana thandizo pa wailesi, ndipo onse awiri anatuluka namenya nkhondo. Alleyn anawombera mpaka chifefe chake chinatha, natenga mfuti yam'chiuno, koma anagwa atalasidwa kumaso ndi pachifuwa. Apa m'pamene panatulukira munthu amene sanavale yunifolomu ndipo sanalumbirepo lumbiro la upolisi, Gary Kness, wa zaka 31, amene kale anali msilikali, ndipo usikuwo anali pa ulendo wopita kuntchito. Akanalambalala mbali ina monga wansembe ndi Mlevi a m'fanizo lija la m'Baibulo, palibe akanamutsutsa. Koma iye anaimika galimoto yake, nathamangira kumene ena onse anali kuthawako, nayesa kumukokera Alleyn pobisalika. Poona kuti Davis ali kudza, anatola chifefe napeza kuti mulibe kanthu. Anatolanso mfuti yam'chiuno ya Alleyn nawombera, ndipo kachidutswa ka chipolopolo kanamulasa Davis pachifuwa, koma mfutiyo inatheranso pomwepo, ndipo Kness anadziponya m'ngalande napulumuka.

Imfa ya Pence ndiyo imene aphunzitsi a apolisi akhala akuisinkhasinkha koposa zonse. Mfuti zam'chiuno za apolisiwo masiku amenewo zinkalowa zipolopolo 6 zokha, ndipo zikatha, munthu ankayenera kutsegula mfutiyo, kukhutula makoko, ndi kulowetsa zatsopano chimodzichimodzi ndi zala. Pence, atalasidwa kale m'thupi ndi m'miyendo, anagwada kuseri kwa galimoto yake mumdima nayamba ntchito imeneyo ndi manja onjenjemera ndi ululu. Ndipo pamene maso ake anali pa mfutiyo, Twinning anazungulira galimoto namuwombera m'mutu. Kuchokera pa chipolopolo choyamba kufikira chotsiriza panapita mphindi zinayi ndi theka. Gore ndi Frago anali a zaka 23, Pence ndi Alleyn a zaka 24. Palibe mwa iwo amene anali atakwanitsa zaka ziwiri pa ntchito, ndipo anasiya akazi amasiye anayi ndi ana 7.

Za opha anzawowo sitichulukitsa mawu. Twinning anadzipha m'mawa mwake m'nyumba ya munthu wina imene anailanda, apolisi ataizinga. Davis anagwidwa naweruzidwa kuti aphedwe, koma mu 1972 chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo anafera m'ndendemo mu 2009.

Madzi akatayika saoleka. Koma chimene ndiyamikira mwa akuluakulu a gululi n'chakuti sanakhutire ndi maliro aulemu ndi mbendera zofundika mabokosi. Anakhala pansi nafufuza mphindi iliyonse ya usikuwo, navomereza chinthu chowawa kuvomereza, ndicho chakuti anyamatawo sanaperewere kulimba mtima, koma kuti maphunziro amene anapatsidwa ndiwo anali operewera. Anapeza kuti apolisi ankaphunzira kuwombera ndi zipolopolo zofooka, pamene kuntchito ankanyamula zamphamvu zimene manja awo sanazizolowere. Kuyambira pamenepo analamula kuti munthu aphunzire ndi chipolopolo cha mtundu womwewo umene adzanyamula. Anapatsa apolisi kachipangizo kolowetsa zipolopolo zonse 6 nthawi imodzi. Ndipo anasintha kaimitsidwe ka galimoto yokayikitsa, kuti wapolisi asaiyandikire anzake asanafike, koma akhale kuseri kwa chitseko chake, naitane okwerawo kuti atuluke mmodzimmodzi manja ali poyera. Mwambo umenewu unafalikira m'magulu ambiri a apolisi a dzikolo, ndipo pali okalamba lero amene akulera zidzukulu chifukwa cha zimene zinaphunziridwa pabwalo lija. Mu 2008 gawo la msewu wa Interstate 5 pafupi ndi malowo linatchedwa mayina a anayiwo.

Komabe wowerenga asaganize kuti mfuti ndiyo mdani wamkulu wa mlonda wa msewu. Pa sukulu ya gululi ku West Sacramento pali kasupe wachikumbutso pamene palembedwa mayina oposa 200 a amene anafera pa ntchito, ndipo ochuluka mwa iwo anaphedwa ndi msewu womwewo: ena anagwa ndi njinga zamoto, ena anawombedwa ndi madalaivala oledzera, aliwiro kapena atulo ali chiimire m'mphepete kuthandiza wovulala. N'chifukwa chake chigawo cha South Carolina mu 1996 chinayamba lamulo lakuti woyendetsa achepetse liwiro ndi kutalikira pamene aona antchito opulumutsa anthu ataima pambali pa njira, lamulo limene linabadwa pambuyo pakuti wantchito wa ambulansi, James Garcia, anawombedwa ndi galimoto mu 1994 ali kuthandiza pa ngozi, ndipo mlandu unaikidwa pa iye yemwe. Pofika 2012 zigawo zonse 50 za dzikolo zinali ndi lamulo lotere.

Inu tsono amene mugwira chiwongolero, kaya m'dziko muli lamulolo kaya mulibe, mukaona wapolisi ataima m'mbali mwa msewu usiku kapena mvula ikugwa, chotsani phazi pa moto, mumupatse malo, ndipo akakuimikani yatsani nyali yam'kati ndi kuika manja anu poonekera kufikira atafika pa zenera.