Zimene Chotengera Chimapatsa Chakudya, ndi Zimene Chimalanda

Tchipisi chikangophulidwa pa chiwaya, chikadali kuchucha mafuta, wogulitsa amachikhuthulira m'kajumbo kopyapyala, n'kuthirapo mchere, tsabola ndi viniga pang'ono. M'kajumbomo mwakumana zinthu zitatu zimene akatswiri a zakudya amazisamala kwambiri: kutentha, mafuta ndi asidi. Ambirife timayesa kuti chotengera chimangosunga chakudya basi. Zoona zake n'zakuti ziwirizi zimasinthana zinthu kuyambira pamene zakhudzana.

Kusinthanaku kumayenda njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi dzina lake. Makemikolo akachoka m'chotengera kulowa m'chakudya, akatswiri amati migration. Chotengera chikayamwa fungo, mtundu kapena mafuta a chakudya, amati scalping. Mpweya kapena chinyezi chikadutsa m'thupi la chotengera, kuchokera kunja kulowa mkati kapena kuchokera mkati kutuluka, amati permeation. Njira yoyambayo ndi imene yachititsa maboma kulemba malamulo ambiri.

Kuti timvetse migration tiyenera kudziwa mmene pulasitiki ilili mkati mwake. Imapangidwa ndi tizidutswa tating'ono totchedwa monomer, timene timalumikizidwa n'kukhala maunyolo aatali otchedwa polymer. Maunyolowa ali ngati mulu wa zingwe zopiringizana, zokhala ndi mipata pakati. Iwo eni ndi aakulu, sangachoke. Zimene zimachoka ndi zing'onozing'ono zokhala m'mipatamo: ma monomer amene sanalumikizidwe, ndiponso zowonjezera zimene fakitale imathiramo dala. Pali zofewetsa, zotchedwa plasticiser, monga ma phthalate amene amasandutsa PVC youma ija kukhala yopindika. Pali zoteteza pulasitiki kuti isafumbutuke padzuwa, zoipatsa mtundu, ndi zoichititsa kuterera pamakina. Palinso gulu limene limavutitsa ofufuza, lotchedwa NIAS: zinthu zimene palibe amene anaziikamo, koma zinabadwa pamene pulasitiki inkasungunulidwa kapena zinabwera ndi zipangizo zakale zimene zinagwiritsidwanso ntchito. Zimenezi n'zovuta kuziyeza chifukwa munthu amafufuza chinthu chimene sakuchidziwa dzina.

Kuchuluka kwa zimene zingasamuke kumadalira kutentha, nthawi, mtundu wa chakudya, ndi kukula kwa malo amene chakudya chakhudza chotengera. Mafuta ndiwo amakoka kwambiri, chifukwa zowonjezera zambiri za m'pulasitiki zimasungunuka m'mafuta kusiyana ndi m'madzi. Ufa wouma ukhoza kukhala m'jumbo mwezi wathunthu osatenga zambiri, koma kanyenya wotentha amatenga mofulumira. Kapaketi kakang'ono kamaperekanso zambiri pa supuni iliyonse kuposa chigubu chachikulu, popeza chakudya chake chonse chili pafupi ndi pulasitiki.

Poyeza zimenezi, mu labotale sagwiritsa ntchito chakudya chenicheni. Amagwiritsa ntchito zoyimira chakudya, zimene amazitcha food simulant. Lamulo la European Union la nambala 10 la chaka cha 2011 linazindandalika: asidi wa m'viniga wa 3 peresenti amayimira zakudya zowawasa, ethanol wosakaniza ndi madzi pa 10, 20 kapena 50 peresenti amayimira zamadzimadzi, zakumwa zoledzeretsa ndi zamkaka, ndipo mafuta a mbewu amayimira zakudya zonona. Pulasitiki yoti idzasunge chakudya nthawi yaitali pashelefu imasiyidwa ndi choyimiracho masiku 10 pa madigiri 40. Zonse zimene zasamuka zikaphatikizidwa zisapose mamiligalamu 10 pa kachigawo ka masentimita 10 mulitali ndi 10 mulifupi. Malire amenewa amatchedwa overall migration limit. Makemikolo odziwika kuti ndi oopsa ali ndi malire awoawo, specific migration limit, otsika kwambiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndimaona kuti anthu ambiri ochenjeza za pulasitiki amapadumpha. Chotengera chimavomerezedwa pa ntchito imodzi: chakudya chakutichakuti, kutentha kwakutikwakuti, nthawi yakutiyakuti. Botolo la madzi la PET linayezedwa kuti lisunge madzi ozizira. Silinayezedwe kuti muthiridwe phala lotentha kapena kuti ligone padzuwa la mwezi wa Okutobala. Likatenthedwa limatulutsa acetaldehyde wochuluka, amene amasintha kakomedwe ka madzi, komanso antimony, chitsulo chimene chimathandizira popanga PET. Majumbo a kumsika ambiri ndi a polyethylene, pulasitiki imene safunika kuifewetsa ndi ma phthalate, choncho si zoona kuti tchipisi cha tsiku limodzi chingamugwetse munthu. Chodetsa nkhawa n'chakuti majumbowa anapangidwira kunyamula katundu, ena amapangidwa ndi pulasitiki yakale yosadziwika kumene inachokera, ndipo munthu amadyeramo tsiku ndi tsiku kwa zaka. Boma la Malawi litaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 mu 2015, cholinga chinali kuteteza chilengedwe. Jumbo yokhuthala imakwaniritsa lamulo limenelo, koma kukhuthala sikuisandutsa mbale.

Ngakhale nambala ya m'kachizindikiro ka mivi itatu pansi pa botolo anthu amaimva molakwika. Manambalawa, kuyambira 1 mpaka 7, anayambitsidwa ku America mu 1988 kuti athandize osankha zinyalala. Amangonena mtundu wa pulasitiki: 1 ndi PET, 2 ndi HDPE, 3 ndi PVC, 5 ndi polypropylene imene imapirira kutentha kuposa zinzakezi. Chizindikiro chonena kuti chinthu chinapangidwira chakudya ndi china, cha tambula ndi foloko.

Nyuzipepala imene timakulungira mandasi ndi zitumbuwa imandidetsa nkhawa kuposa jumbo. Inki yake imakhala ndi mafuta ochokera ku petulo, otchedwa mineral oil, ndipo mandasi otentha amawakoka mosavuta. Cha m'ma 2010 ofufuza a ku Zurich, motsogozedwa ndi Koni Grob, anasonyeza kuti mafutawa safuna n'komwe kukhudzana ndi chakudya. Anawapeza mu mpunga ndi zakudya zina zouma zosungidwa m'makatoni opangidwa kuchokera ku nyuzipepala zakale: amatuluka m'katoni ngati nthunzi n'kukakhazikika m'chakudya. Dziko la India, kumene zokazinga za mumsewu zimakulungidwa monga kuno, linaletsa kukulunga chakudya m'nyuzipepala m'malamulo ake a 2018. Inki imathanso kufika mkati mwa paketi ngakhale inasindikizidwa kunja. Pepala losindikizidwa likakulungidwa pa mpukutu ku fakitale, mbali yakunja imagona pa mbali yamkati n'kusiyapo inki. Vutoli limatchedwa set-off, ndipo ndi limene linachititsa kuti mu 2005 mkaka wa makanda uchotsedwe m'masitolo ku Italy, utapezeka ndi kemikolo ya inki yotchedwa ITX.

Chitini chili ndi nkhani yakeyake. Kuyambira pamene Peter Durand analembetsa luso limeneli ku Britain mu 1810, chitini chakhala chitsulo chokutidwa ndi mtundu wina wa chitsulo wotchedwa tin. Asidi wa m'matimati ndi m'zipatso amadya tin pang'onopang'ono, ndipo bungwe la Codex Alimentarius linaika malire a mamiligalamu 250 pa kilogalamu ya chakudya. Chitini chikatsegulidwa, mpweya wa okosijeni umalowa ndipo kudyekako kumathamanga. N'chifukwa chake chakudya chotsala chiyenera kukhuthulidwira m'mbale, osati kugona m'chitini. Pofuna kulekanitsa chakudya ndi chitsulo, opanga amapaka mkati utoto wopyapyala wotchedwa lacquer. Koma utoto wotchuka kwambiri, wa epoxy, umapangidwa ndi bisphenol A, kapena kuti BPA, kemikolo imene imatsanzira mahomoni a m'thupi. European Union inailetsa m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011. Mu 2023 bungwe lake loona za chitetezo cha chakudya, la EFSA, linatsitsa mlingo wa BPA umene munthu angalandire patsiku maulendo 20,000, ndipo kumapeto kwa 2024 European Union inavomereza kuiletsa m'zotengera za chakudya. Chotchinga chimene chinathetsa vuto limodzi chinabweretsa lina, ndipo zinatenga zaka zambiri kuti lidziwike.

Pa nkhani ya permeation, mawu ofunika ndi barrier, mphamvu ya chotengera yotsekereza mpweya, chinyezi ndi kuwala. Polyethylene imatchinga bwino chinyezi koma imalola okosijeni kudutsa. Galasi ndi aluminiyamu zimatchinga zonse ziwiri, n'chifukwa chake katoni ya mkaka wokhalitsa imakhala ndi kansalu ka aluminiyamu pakati. Zimenezi zimatikhudza mwachindunji. Mafuta ophikira ndi shuga za m'Malawi amazithira vitamini A, ndipo vitaminiyu amawonongeka ndi kuwala ndi mpweya. Mafuta oyezedwa m'timachubu toonekera, n'kuyalidwa pabenchi dzuwa likuswa mtengo, amataya chimene anawathiriramo, ndipo amene amagula mafuta otere ndi mabanja omwe amafunikira vitaminiyo kwambiri. Koma barrier yomweyo ikagwiritsidwa ntchito bwino imapulumutsa zokolola. Matumba a PICS, amene anapangidwa ndi ofufuza a ku Purdue University, ali ndi majumbo awiri okhuthala mkati mwa thumba lolukidwa. Akamangidwa bwino, anankafumbwe amamaliza okosijeni wa mkatimo n'kufa okha, popanda mankhwala.

Scalping imaoneka yaing'ono poyamba. Madzi a malalanje osungidwa m'katoni amazilala chifukwa pulasitiki ya mkati imayamwa limonene, mafuta onunkhira a khungu la lalanje. Kontena imene munasungamo ndiwo za matimati imakhala yofiira ngakhale mutaikwecha. Koma chimene pulasitiki yayamwa imadzachibweza kwa chilichonse chimene chidzalowemo pambuyo pake, ndipo apa scalping imasanduka migration. Botolo la zakumwa likathiridwa thobwa, choopsa chachikulu ndi ukhondo wa katsukidwe. Chigubu chimene munali mankhwala opopera thonje, fodya kapena matimati ndi nkhani ina. Mankhwalawo analowa m'mipata ya pulasitiki, kumene sopo ndi mchenga sizifika, ndipo mafuta ophikira, mkaka kapena kachasu zimawatulutsa bwino kuposa madzi amene munatsukira. Kusamveka kwa fungo si umboni woti atha. Pa zonse zimene zatchulidwa pano, ichi ndi choopsa kwambiri, chimene chingadwalitse banja lonse sabata yomweyo, ndipo n'chimene sichikambidwa kawirikawiri poyerekeza ndi majumbo. Malangizo a bungwe la FAO pa zigubu zoterezi ndi akuti zitsukuluzidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe m'thanki yopopera, kenako chigubucho chibooledwe kuti wina asadzatungiremo madzi.