Mmene madokotala amadziwira kuti khanda lavulala m'mutu chifukwa chogwedezedwa

Khanda likagwedezedwa mwamphamvu, ubongo wake umawombana ndi chigaza ndipo timitsempha ta magazi timaduka. Izi zimachitika kwambiri kwa ana osakwana chaka chimodzi, chifukwa mutu wawo ndi wolemera pamene khosi ndi lofooka. Kawirikawiri wolera amachita zimenezi atapsa mtima ndi kulira kosatonthola.

Vuto ndi lakuti bala silioneka kunja. Khanda limafika kuchipatala likukana kuyamwa, likusanza, litalefuka, likukomoka kapena likupuma movutikira, ndipo liwombo likhoza kutupa.

Dokotala wa ubongo wa ku Britain, Norman Guthkelch, analemba za vutoli mu 1971, ndipo John Caffey wa ku America anapitiriza mu 1972 ndi 1974. Kuchokera pamenepo madokotala akhala akuyang'ana zizindikiro zitatu: magazi otayikira pansi pa chikopa chokuta ubongo, magazi kumbuyo kwa diso, ndi kutupa kapena kusokonezeka kwa ubongo. Mutu amaujambula ndi makina a CT kapena MRI, maso amawaunika m'kati, ndipo mafupa onse amawajambula pa X-ray pofufuza nthiti zothyoka, zatsopano kapena zakale.

Koma zizindikiro zitatuzi pazokha si umboni wokwanira. Mu 2005 khoti la apilo ku England linagamula kuti zimaloza kwambiri ku nkhanza, koma sizitsimikizira mlandu uliwonse. Mu 2016 bungwe la boma la Sweden lounika njira zachipatala linati umboni wa sayansi pankhaniyi ndi wochepa, ngakhale akatswiri ambiri a ana anatsutsa lipotilo.

N'chifukwa chake dokotala amayenera kuyeza kaye matenda ena: oumitsa khosi, vuto la kusagwirana kwa magazi, kuperewera kwa vitamini K, kuvulala pobadwa kapena pa ngozi. M'chigawo chino pali chinanso: kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anasonyeza kuti malungo a mu ubongo nawonso amataitsa magazi kumbuyo kwa diso.

Dokotala amafunsanso olera mmene zinayambira, n'kuona ngati nkhani yawo ikugwirizana ndi kuvulalako. Kulakwitsa kulikonse n'koopsa: kuphonya nkhanza kumabweza khanda m'manja mwa wolivulaza, pamene kugamula mofulumira kungamangitse kholo losalakwa.