Anthony Morris: meya wa Philadelphia amene ankafulula mowa

Anthony Morris anabadwira ku London mu 1654, ndipo anali wa mpingo wa Quaker, umene anthu ake ankazunzidwa ku England. Atawoloka nyanja ya Atlantic, anayamba wakhala ku Burlington, m'dera la West Jersey, asanasamukire ku Philadelphia, mzinda umene William Penn anali atangoukhazikitsa mu 1682.

Mu 1687 Morris anatsegula malo ofululira mowa pa msewu wa Front, pafupi ndi mtsinje wa Delaware, pomwe zombo zinkakocheza. Masiku amenewo mowa wa balere unali chakumwa cha tsiku ndi tsiku, ndipo mpingo wake sunkaletsa kufulula, koma kuledzera. Ntchito yake inali yonyika balere kuti amere, kuumitsa chimera, kuwiritsa phala m'miphika ikuluikulu ndi kulithira m'migolo kuti lisase. Malondawa anamubweretsera chuma ndi ulemu, moti anakhala woweruza milandu komanso mlaliki.

Mu 1701 Penn anapatsa mzindawo chikalata choukhazikitsira khonsolo, ndipo mu 1703 Morris analowa m'malo mwa Edward Shippen monga meya. Anatumikira chaka chimodzi. Anamwalira mu 1721.

Ambiri amayesa kuti umeya unali mpando wonona, koma sizinali choncho. Meya sankasankhidwa ndi anthu wamba, koma ndi kagulu ka akuluakulu a khonsolo amene ankasinthana mipando okhaokha. Kwa zaka zambiri udindowo unalibe malipiro, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa. Kwa munthu wamalonda, chinali chaka chotaya ndalama.

Mwana wa Morris, amenenso dzina lake linali Anthony Morris, anapitiriza kufulula ndipo anakhala meya mu 1738. Atamusankhanso mu 1747, iye anazemba mumzindamo kuti uthenga usamupeze. Amithenga anakafika kunyumba kwake koma sanamupeze, moti khonsolo inakakamizika kusankha wina.

Umeya unachoka m'banjamo, koma malonda anapitirira. Patapita mibadwo, anagwera m'manja mwa banja la Perot kudzera mu ukwati, ndipo anasanduka kampani yopanga chimera imene inkawerengedwa pakati pa makampani akale kwambiri ku America.