Ngwazi za pa Pepala ndi Zitseko Ziŵiri

M'midzi ya ku Bowe, ku Madisi ndi ku Mponela m'boma la Dowa, ngakhalenso m'mapiri a ku Ntchisi, mukadali madoda oŵerengeka amene anakagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni pa nthaŵi ya Wenela. Madoda ameneŵa anaona ndi maso awo zitseko ziŵiri pa nyumba imodzi, china cha Azungu, china cha anthu akuda. Nkhani ya lero ikukhudza zitseko zomwezo, koma monga momwe zinajambulidwira, kapena kubisidwira, m'timabuku ta nthano za zithunzi ta zaka zimenezo.

Timabuku timeneti timasimba nthano mwa zithunzi zotsatana, ndipo mau a wolankhula amalembedwa pafupi ndi pakamwa pake. Tinkatuluka mwezi ndi mwezi, kope lililonse ndi nambala yake. Munthu woŵerenga kope limodzi lokha amangoonamo ndewu ndi zozizwitsa. Koma munthu wodekha, amene waunjika makope akale nkumaŵerenga motsata manambala, amapezamo mbiri ya zaka zimene makopewo anasindikizidwa.

Chitsanzo chabwino ndi gulu la ngwazi zinayi lotchedwa Fantastic Four, limene Stan Lee ndi Jack Kirby analiyambitsa ku New York. Kope loyamba linalembedwa mwezi wa November 1961. M'menemo anthu anayi akukwera chombo chopita mumlengalenga mothamanga, pofuna kuti Achikomyunizimu asaŵapitirire. Atabwerako, wina akutha kutamuka ngati mphira, wina akutha kuzimirira osaoneka, wina akuyaka moto, ndipo wachinayi, Ben Grimm, thupi lake lasanduka ngati thanthwe. Changu cha anthu anayiwo sichinali chongopeka. Mu April chaka chomwecho Yuri Gagarin wa ku Russia anali atazungulira dziko lapansi, ndipo anthu a ku Amereka anali ndi nkhaŵa kuti atsalira m'mbuyo.

Woŵerenga akapitirira mpaka kope la nambala 52, lolembedwa mwezi wa July 1966, mwezi womwe Malaŵi anasanduka Ripabuliki, amakumana ndi mlendo. Ameneyu ndi T'Challa, mfumu ya dziko lopeka la mu Afirika lotchedwa Wakanda, amene akavala zakuda amatchedwa Black Panther. Poyamba akuitana ngwazi zinayi zija kwao nkulimbana nazo pofuna kuyesa mphamvu zake. Kope la nambala 53 likulongosola chifukwa chake: Mzungu wina dzina lake Klaw anapha bambo wake pofuna kulanda mwala wamtengo wapatali wa m'dzikomo. Pa zaka zimene maiko a mu Afirika ankalandira ufulu motsatana, ana a ku Amereka anayamba kuŵerenga za Mwafirika amene sanali wonyamula katundu wa mlenje, koma mfumu yophunzira, yoteteza chuma cha pansi pa nthaka yake.

Zitseko ziŵiri zija zikupezeka m'kope la nambala 119, la February 1972, limene analemba ndi Roy Thomas. T'Challa watsekeredwa m'ndende m'dziko lina lopeka, Rudyarda, lolamulidwa ndi Azungu atsankho. Munthu aliyense wodziŵa za South Africa ndi Rhodesia sakanafunsa kuti akunena dziko liti. Aŵiri mwa ngwazi zija akupita kukamtulutsa, ndipo potuluka akupeza makomo aŵiri, lina la Azungu, lina la anthu akuda. Ben Grimm akugumula khomalo ndi manja ake kuti onse atulukire pamodzi.

Kope lomwelo lili ndi zofooka zake, zimene woŵerenga wa lero sayenera kuzilambalala. Olemba sanatchule South Africa ndi dzina lake lenileni. Mfumu ya Chiafirika inachita kudikira alendo kuti aipulumutse. Ndiponso m'kope limeneli dzina lake linasinthidwa kukhala Black Leopard, poopa kuti anthu angamsokoneze ndi chipani cha anthu akuda a ku Amereka cha Black Panther, chimene chinayamba mu October 1966. Dzina lakale linabwerera pasanapite nthaŵi. Komabe tsankho linajambulidwa poyera, ndipo linatchedwa choipa.

Tsono pa zaka zomwezo Amalaŵi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalaŵi 74 amene ankabwerera kwao, ndipo Dr H. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Ambiri anabwerera kumudzi, koma Amalaŵi ena anali atakhazikika kale m'makomboni a anthu akuda ozungulira Johannesburg. M'makomboni amenewo, m'chaka cha 1975, munatulukira ngwazi ina ya pa pepala, yotchedwa Mighty Man.

Poyang'ana pachikuto, Mighty Man anali wosangalatsa kuposa T'Challa, chifukwa sanali wa dziko lopeka. Anali munthu wakuda wokhala m'komboni, dzina lake Danny Ndhlomo, wapolisi amene anaomberedwa ndi zigaŵenga, kenaka nkuchiritsidwa ndi zolengedwa za pansi pa dziko zimene zinampatsa mphamvu zodabwitsa. Kampani yotchedwa Afri-Comics ndiyo inkasindikiza timabukuto, pamodzi ndi tina ta Tiger Ingwe tolembera anthu akumidzi. Mwana wa ku Soweto akanatha kunena kuti tsopano wapeza ngwazi yofanana naye khungu.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu akaŵerenga makope a Mighty Man limodzi ndi limodzi, amayamba kuzindikira adani ake: atsotsi, ogulitsa chamba, ozembetsa mfuti ndi anthu osokoneza mtendere. Akatsiriza, amazindikiranso chimene sanachione. Ngwazi imeneyi sinagumule khomo la tsankho ngakhale limodzi. Sinafunse chifukwa chimene munthu wakuda ankamangidwira akapezeka wopanda chitupa m'tauni. Phunziro la kope lililonse linali lomvera lamulo ndi kuthandiza apolisi, m'dziko limene lamulolo ndilo linali gwero la masautso a oŵerengawo.

Pa 16 June 1976 ana asukulu a ku Soweto anaguba pokana kuphunzitsidwa m'Chiafirikanzi, ndipo apolisi anaŵaombera. Ngwazi yomvera apolisi inasoŵa malo m'mitima ya ana amene anaika anzao m'manda, kotero kuti pofika 1977 timabukuto tinaleka kutuluka. Chinsinsi chinaululika pambuyo pake. M'chaka cha 1978 atolankhani anavumbula kuti nthambi yofalitsa nkhani ya boma la tsankho, imene nduna yake inali Connie Mulder ndipo mlembi wake wamkulu anali Eschel Rhoodie, inkaononga ndalama za boma mobisa pofuna kugula maganizo a anthu. Nyuzipepala ya The Citizen inayambitsidwa ndi ndalama zimenezo, ndipo Afri-Comics nayonso inali pa mndandanda womwewo. Mulder anatula pansi udindo, ndipo mu June 1979 John Vorster anasiya mpando wa mtsogoleri wa dziko. Ngwazi ya m'komboni ija inali yolipidwa ndi eni zitseko ziŵiri.

Nchifukwa chake anthu ofufuza mbiri sataya timabuku totere. Makope a Afri-Comics anasonkhanitsidwa ndi kusungidwa pa yunivesite ya California ku Los Angeles, kuti aŵerengedwe monga umboni. Nayenso T'Challa anakhala ndi moyo wautali, mpaka kanema wa Black Panther wa mu 2018 anamfikitsa kwa anthu amene sanagwirepo kope la nambala 52.

Achinyamata a ku Bowe lero amaonera ngwazi zimenezi pa foni ndi m'nyumba zoonetsera kanema pa msika, ndipo palibe choipa pamenepo, pakuti nthano ndi chakudya cha mwana aliyense. Koma makope akale aja akusiya mafunso atatu oyenera kufunsa nthano iliyonse ya ngwazi: Kodi ikulimbana ndi yani? Kodi ndani amene yamlekerera? Nanga analipira wojambula ndani? Mwana wofuna kumvetsa funso lachiŵirilo sayenera kupita kutali. Angokhala pansi madzulo ndi agogo ake amene anakwera ndege ya Wenela, nkuŵafunsa kuti ku Joni ankaloŵera khomo liti.