Likoma: Malire a Chilumba ndi Chinyanja Chake

M'nkhani ino tifuna kuonetsa m'mene malo a chilumba adaumbira mbiri ya chilankhulo chake. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malaŵi, koma madzi ozizungulira ndi a Mozambique. Munthu akaima pa Likoma amaona gombe la Cobué pafupi, pamene Nkhata Bay ili kutali, kutsidya kwa nyanja.

Gwero la zimenezi ndi mishoni. Mu 1885 a U.M.C.A. adakhazikika pa Likoma. Choncho pangano la Britain ndi Portugal la 1891, lomwe lidapereka gombe loyang'anana ndi zilumbazi kwa Apwitikizi, lidasiya zilumbazo m'manja mwa Angerezi. Pangano lina la 1954 lidaika malire pakati pa nyanja, zilumbazo n'kutsala m'madzi a eni.

Malirewo sadadule chilankhulo. Chinyanja cha pa Likoma n'chimodzi ndi cha kugombe la Niassa, ndipo William Percival Johnson ndi anzake adamasulira Baibulo lonse m'Chinyanja chimenechi, lomwe lidatuluka mu 1912. Koma Buku Lopatulika la 1922 lidatsata kalankhulidwe ka kumtunda, ndipo mu 1968 Chicheŵa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko. Motero Chinyanja cha pachilumba, ngakhale chidalembedwa msanga, chidatsalira m'mbuyo m'mabuku ndi m'sukulu.

Ife ofufuza zilankhulo tili ndi udindo wolemba mawu ake kuchokera kwa akuluakulu a mbali zonse ziŵiri za malire, iwo asanapite nawo kumanda.