Mbiri ya Duwa la Rozi Lochedwa la Tiyi

Pa misyoni ina ndi pa nyumba zina za m'boma la Chiradzulu pamaoneka duwa la minga lochedwa rozi. Mtundu wake wotchuka, wa duwa lalikulu pa phesi lalitali, Angerezi amautcha Hybrid Tea. Dzinali lisasokoneze munthu: duwali si mbale wa tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ai.

Makolo ake anachokera ku China. Amalinyero anafika nawo ku England m'zaka za 1810 ndi 1824, ndipo anthu anati fungo lake likunga la tiyi. Anali okoma, omasula kawirikawiri, koma chisanu cha ku Ulaya chinali kuwapha. Tsono kumeneko kunali marozi ena olimba, osaopa chisanu, koma osakongola chotero. Alimi anayamba kutenga mungu wa mtundu wina ndi kuupaka pa duwa la mtundu unzake, kuti mwana atengeko kukoma kwa uyu ndi kulimba kwa uyo.

M'chaka cha 1867 Guillot, mlimi wa ku Lyon m'dziko la France, anaonetsa duwa lofiirira limene linachedwa La France. Ambiri amati limenelo ndilo loyamba la mtunduwu. Pambuyo pake Francis Meilland anabzala lina lachikasu, lofiirira m'mphepete, limene ku America analitcha Peace, ndiye kuti Mtendere, m'chaka cha 1945 nkhondo yaikulu iri kutha. Komabe kulimba kuja sikunakwanire. Ku maiko ozizira kwambiri alimi amaunjikira dothi pa tsinde kuti lipulumuke.

Ku mapiri a kuno maroziwa anadza ndi Azungu, ndipo anapeza dziko lopanda chisanu chonga chija. Kuzizira kwa June ndi July sikuwapha, koma kumangowapumitsa, ndipo ndiyo nyengo yowadulira. Mdani wake weniweni ndi chinyezi. Chiperoni akabwera ndi nkhungu yophimba phiri la Chiradzulu masiku angapo, kapena mvula ikachuluka, masamba amagwidwa mawanga akuda nayoyoka.

Kulizindikira sikuvuta. Phesi limodzi kawirikawiri limasenza duwa limodzi, ndipo lisanamasule limakhala lalitali, losongoka. Tsamba lake limakhala ndi timasamba tisanu.

Koma pali chinthu chimene chapusitsa ambiri. Marozi otere amawakwatitsa pa muzu wa rozi wina wolimba, ndipo pokumanapo pamatupa ngati mfundo. Nthawi zina muzuwo umatulutsa mphukira zake pansi pa mfundoyo, zokula msanga, kawirikawiri za timasamba tisanu ndi tiwiri totumbuluka. Mwini munda amakondwa poona mtengo wake ukunenepa, osadziwa kuti mlendoyo akudya chakudya cha mwini nyumba. Akapanda kuzithothola pa chiyambi pake penipeni, pakapita zaka ziwiri kapena zitatu duwa limene anagula lija limafa, natsala ndi chitsamba cha minga ndi timaluwa tating'ono.